Makita, Bosch kapena Ingco? Nanga zida tizinyamulira muchani pa kabaza?

Kalipentala Khombedza: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi funso ndipo ndikupempha mundiyankhe mosabisa. Ndamaliza kukhoma denga la nyumba ina kuno ku Khombedza, andilipira dzulo, ndaphatikiza ndi kandalama ka mtedza ndiye ndikufuna ndigule chida changa choyamba cha magetsi. Chimalizireni sukulu ku Salima Technical zaka ziwiri zapitazo ndakhala ndikubwereka dililo kwa ankolo anga, tsiku lina ali nayo ku ntchito tsiku lina aibwereketsa kwina, kasitomala n'kumangondidikira. Loweruka ndikupita ku Lilongwe. Ndigule Makita, Bosch kapena Ingco? Ya batire kapena ya chingwe? Chinanso ndimayenda pa kabaza, zida ndimangoponya mu thumba la feteleza, matchizulo anga awiri abenthuka kale chifukwa chogundana ndi hamala. Ndithandizeni chonde

Admin: Takulandira mphwanga. Ndikumbutse lamulo lathu lija tisanayambe, munthu akafuna kudandaula za chida chomwe chinamupsera kapena shopu yomwe inamupusitsa asatchule dzina, angofotokoza zomwe zinachitika ena aphunzirepo

Welda wa pa Kamuzu Road: Makita aise, osaganizanso kawiri

Pulambala Chipoka: Osaganizanso kawiri bwanji achimwene, mwamufunsa kuti ali ndi zingati? Makita yeniyeni ya batire, ndi mabatire awiri ndi chaja yake, ndalama imeneyo ku Ingco utha kutenga dililo, galayinda ndi zina n'kubwereranso ndi ya basi. Ine ndili ndi Ingco chaka chachitatu chino, ndaboola nayo makoma ambirimbiri kuyambira ku Chipoka mpaka ku Lifuwu ikugwirabe. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu November 2023 muja zinthu zochokera kunja sizigwirika, tisamamulangize mwana ngati tili mu 2015

Welda wa pa Kamuzu Road: Inu mumaboola mabowo anayi kenako mwapita kukamata mapaipi. Ine galayinda imalira kuyambira 7 m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kudula ma tubing, kusalaza mageti, ma burglar bar. Ntchito zathu ndi zosiyana

Pulambala Chipoka: Ndiye mfundo yanga ndi yomweyotu. Iyeyu si welda

Mayi Magetsi KK: Mwana wanga ndiyankhe kaye izi. Nyumba zomwe umagwirako ntchito, mwa khumi ndi zingati zomwe zimakhala ndi magetsi pa nthawi yomwe iweyo ukukhoma denga?

Kalipentala Khombedza: Mayi kunena zoona mwina imodzi. Zambiri zimakhala zatsopano sanalowetse, zina ndi za kumudzi kwenikweni kopanda ndi pholo yomwe

Mayi Magetsi KK: Ndiye funso la chingwe wadziyankha wekha. Dililo ya chingwe ndi yotchipa ndipo ili ndi mphamvu, koma kwa iwe izingokhala m'bokosi, kapena uziyenda ukupempha ekisitenshoni kwa aneba mamita makumi asanu, kapena kubwereka jenereta ndi kugula petulo zomwe zidye phindu lako lonse. Tenga ya batire. Koma umve bwino apa chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa, ukagula ya batire sikuti wagula dililo yokha ayi, walowa m'banja. Batire ya Makita silowa pa Bosch, ya Bosch silowa pa DeWalt. Mawa ukadzafuna sowo yozungulira kapena pulena ya batire udzakakamizika kugula ya mtundu womwewo kuti mabatire akhale amodzi, apo ayi uziyenda ndi machaja atatu. Ndiye usayang'ane mtengo wa dililo yokha, funsa mtengo wa batire yapadera, funsanso ngati imapezeka nthawi zonse kapena imabwera mwa apo ndi apo

Wa ku Joni: Moni a kumudzi. Amayi anena zoona. Kuno ku Johannesburg pa saiti pomwe ndili makontilakita ambiri ndi Makita ya batire ya 18V yotchedwa LXT ndi DeWalt, ena Bosch ya buluu. Ndionjezere pa Bosch, ilipo ya mitundu iwiri, ya buluu ndi ya amisiri yolembedwa Professional, yobiriwira anaipangira munthu wa pakhomo wofuna kupachika chithunzi kamodzi pa mwezi. Onse ndi Bosch eni eni koma osayembekezera kuti yobiriwira igwire ntchito ya tsiku ndi tsiku pa saiti

Kalipentala Khombedza: Nanga ndaona pa Facebook Ingco ndi Total alemba 20V pomwe Makita ndi 18V, ndiye kuti za 20 ndi zamphamvu kuposa?

Wokonza makina Dwangwa: Ayi mphwanga, ndi chimodzimodzi. Ndatsegula mabatire amenewa ambiri. Mkati muli timabatire tozungulira tisanu tolumikizidwa motsatana, kalikonse ndi 3.6V, kuchulukitsa kasanu ndi 18. Ukangoichotsa pa chaja kalikonse kamakhala pa 4V kapena kupitirira pang'ono ndiye ena amalemba 20. DeWalt yomweyo ku America amailemba 20V Max koma ku Ulaya ndi ku Joni amailemba 18V XR, batire yake imodzimodzi. Nambala yoti uyang'anitsitse ndi ya Ah, yosonyeza kuchuluka kwa moto womwe batire imasunga. Ya 2Ah ndi yopepuka koma imatha msanga, ya 4Ah kapena 5Ah imakhala ndi mizere iwiri ya timabatire tija ndiye imalemera koma imakufikitsa patali. Pa dililo ya 2Ah imakwana, pa sowo kapena galayinda ya batire ndi yosathandiza, mphindi zochepa yatha

Wokonza makina Dwangwa: Ndipo poti ndayamba kulankhula ndinene zomwe ndimaona pa benchi panga, chifukwa inu mumaona chida chili chatsopano m'katoni, ine chimandipeza chitafa. Chida chabwino kwa ine ndi chomwe ndingathe kuchidzutsa. Makita ndimaikonda pa chifukwa chimodzi, chilichonse mkati mwake chili ndi nambala, mabulashi ake amayamba ndi CB, amecha, ija imazungulira mkati mwa mota, ili ndi nambala, ma beringi ndi a saizi yodziwika, ndikaimbira munthu ku Lilongwe kumuuza nambala mawa lake yafika pa minibasi. A Makita amenewa anayamba ndi kukonza ma mota mu 1915 ku Nagoya ku Japan, ndipo chida chawo choyamba cha magetsi chinali pulena mu 1958, ndiye za akalipentala amazidziwa kalekale. Bosch ya buluu nayonso ma sipeya ake amapezeka. Ingco ndi Total ubwino wake ndi woti zadzaza paliponse ndiye mabulashi ndi ma switch sasowa, ndipo ikafa ina umaphwasula n'kudzutsira inzake. Zomwe zimandimvetsa chisoni ndi zija zopanda dzina lodziwika, lero zalembedwa dzina ili mawa lina, munthu wabwera nayo kuchokera ku Benga amecha yapsa, ndifufuze paliponse palibe, ndimangomuuza kuti bambo pepani tengani chingwe chokha mukagwiritse ntchito ina

Welda wa pa Kamuzu Road: Apo mwanena bwana. Ine ndinapsa nazo chaka chatha. Munthu anabwera pa shedi ndi galayinda mu katoni yake, dzina lotchuka, mtundu wake womwewo, mtengo theka. Ndinati mwayi sudziwika. Sabata yachiwiri ndikudula angle iron ndinangomva fungo la pulasitiki, utsi tolo. Titatsegula waya wa mkati sanali kopa, unali aluminiyamu wopakidwa utoto, giya yake ngati ya chidole. Sinali ya kampani ija n'komwe, anangomata dzina. Ndalama ya geti lonse inapita pamenepo ndipo ndinachedwetsa ntchito ya mayi wina yemwe anali atandilipira kale, manyazi ake sindidzaiwala

Kalipentala Khombedza: Iii ndiye yabodza ndingaizindikire bwanji poti ine ndi koyamba

Welda wa pa Kamuzu Road: Choyamba mtengo. Ikatchipa mopitirira muyeso thawa. Chachiwiri inyamule, yeniyeni imalemera. Ona kachikwangwani ka nambala, pa yeniyeni zilembo zimakhala zooneka bwino, pali model ndi serial number, osati sitika yopindika yoti ukakanda ndi chikhadabo ikumatuka. Ndipo gula mu shopu yoti ikupatse lisiti ndi pepala la waranti, uwafunse kuti ikavuta mwezi uno ndibwere nayo kuno? Ukawaona akuzengereza kuyankha tuluka. Za pa msewu zisiye ngakhale akunyengerere bwanji

Wa ku Joni: Chinanso, ena amatuma abale kuno kapena ku America. Za ku Joni zilibe vuto, magetsi ndi ofanana ndi kwathu 230V, pulagi yokha ndi ya mano ozungulira ndiye umangosintha kuika ya kwathu ya mano atatu a makona. Koma za ku America ndi 120V, chaja yake ukangoilowetsa pa soketi ya kwathu yapsa nthawi yomweyo. Werengani pa chaja musanalowetse

Mayi Magetsi KK: Ndipo kusintha pulagi kuzikhala kusintha kwenikweni. Zomadula pulagi n'kulowetsa mawaya awiri mu soketi ndi kamtengo ndimaziona pa saiti iliyonse ndipo zimandiwawa mtima. Pulagi ndi ndalama zingati poyerekeza ndi moyo wa mwana amene akukuthandizani?

Madala a mabwato Senga Bay: Salaam aleikum, moni nonse. Ndachedwa ndinali kunyanja. Ndawerenga zonse. Mwana wanga, ine ndakhoma mabwato a matabwa zaka zambiri tisanaone n'komwe dililo ya batire, tinkaboola ndi chiboolero chopukusa pamanja, ndiye za mayina a makampani ndisiyira anzangawa. Ine ndilankhule za thumba la fetelezalo chifukwa ndi lomwe landikhudza. Chida sichifera pa ntchito kawirikawiri, chimafera pa njira ndi pansi. Kuno kunyanja mdani wathu ndi mchenga. Mnyamata wanga wina ankati akamaliza kudula amaika galayinda pansi isanasiye kuzungulira, imene ija imakoka mpweya kuti izizizire ndiye imakokera mchenga mkati, miyezi itatu ma beringi akulira ngati chigayo. Nthawi ya mwera ndiye usanene, mchenga umalowa ndi m'thumba momwe. Chachiwiri ndi chinyezi, pulena ukaisiya usiku umodzi pansi pa simenti m'mawa wapeza dzimbiri pa mpeni. Ndiye iweyo ndiwe kalipentala, bokosi ugulirenji? Khoma lako

Pulambala Chipoka: Madala bokosi la matabwa pa kabaza ndi lolemera

Madala a mabwato Senga Bay: Likakhala la mlombwa inde. Ine langa ndi la pulayiwudi yopyapyala, mafelemu a paini, m'makona ndinamata ndi guluu n'kukhoma timalata. Kutalika kwake ndinayezera sowo yanga ya pamanja kuti izigona pa chivundikiro mkati, yogwidwa ndi timatabwa tiwiri totembenuza. M'lifupi ndinayezera keriyala ya njinga. Pansi pake ndinakhoma timizere tiwiri ta thabwa kuti keriyala izilowa pakati, ukamanga ndi lekeni silisuntha ngakhale pa mabampu a msewu wa fumbi. Mkati muli thireyi yapamwamba ya tepi, pensulo, sikweya ndi ma biti, pansi ndi pa zolemera. Matchizulo ali ndi malo awo, kathabwa koboola mabowo, lililonse limalowa pa bowo lake mpeni kuloza pansi osakhudza chitsulo chinzake. Ndinalipaka vanishi kawiri, m'mphepete mwa chivundikiro ndinamata chubu cha njinga kuti fumbi ndi mvula zisalowe. Mkati mumakhala kansanza konyowa ndi oilo, madzulo ndimapukuta chilichonse chachitsulo ndisanatseke. Bokosi limeneli ndimakhalira pakudya nsima, ndimapondapo pofikira pamwamba, ndipo kasitomala akaliona amadziwiratu kuti munthu uyu ntchito yake ndi yotani asanaone n'komwe bwato

Kalipentala Khombedza: Madala zikomo kwambiri, mungajambule chithunzi cha mkatimo?

Madala a mabwato Senga Bay: Mdzukulu wanga akabwera ajambula, foni iyi ine ndimangolembera

Wa ku Joni: Kuno kuli mabokosi a pulasitiki osanjikizana, amamangana okha ndi tizotsekera ta m'mbali. Makita ali ndi Makpac, Bosch ndi L-Boxx, DeWalt ali ndi TSTAK ndi ToughSystem, Milwaukee ndi Packout ija yofiira. Pansi pamakhala la matayala umangokoka ngati sutikesi. Ndi abwino zedi sindinama, chilichonse chimakhala pamalo pake ndipo ena ali ndi labala yotchinga madzi. Ndimaganiza zobwera nawo ndikamabwera pa Khirisimasi

Mayi Magetsi KK: Bwerani nawo achimwene koma la matayalalo muganize kawiri. Ndinagulapo la matayala, sinditchula mtundu, pa simenti limayenda bwino koma kuno ku Nkhotakota kuchoka pa M5 kulowa m'midzi ndi mchenga wokhawokha, timatayala timangotitimira ndiye umapezeka walinyamula pamutu ndi matayala ake omwe. Pa njinga yamoto silikhazikika chifukwa cha chogwirira chija. Ndinabwerera ku chikwama cha kumsana cha nsalu yolimba, pansi pake ndi pa pulasitiki yolimba yoti ukaika pa nthaka yonyowa madzi salowa. Mita, ma tester, ma pliers, ma screwdriver zonse zili ndi matumba ake, ndikakwera makwerero manja onse awiri ali omasuka. Koma ine zida zanga ndi zing'onozing'ono, kalipentala ndi pulena ndi sowo chikwama sichingamukwanire

Pulambala Chipoka: Ine ndowa ya penti ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chake. Madzi salowa, siichita dzimbiri, yaulere. Ma fitting ang'onoang'ono ndimaika m'mabotolo a pulasitiki otsekera. Vuto lake limodzi, chomwe ukufuna chimakhala pansi penipeni nthawi zonse ndiye umakhuthula zonse

Welda wa pa Kamuzu Road: Ine ndikhoza kukuwotcherera thiranki ya chitsulo yokhala ndi loko aise, wakuba sangaiphwanye

Wokonza makina Dwangwa: Thiranki ya chitsulo ndi yabwino kusiya pa shedi kapena pa saiti usiku, koma mabatire asamakhalemo masana. Mukudziwa nonse mmene Salima imatenthera mu October ndi November, chitsulo chikakhala padzuwa dzanja sungaike. Batire ya lithium mdani wake wamkulu ndi kutentha, imakalamba msanga, yomwe ikanakhala zaka zinayi imayamba kutha mphamvu chaka chimodzi. Komanso batire isamagubuduke limodzi ndi misomali ndi masikuluwu. Anandibweretsera ina mwezi wathawu, msomali wa ma inchi awiri unalowa pa timipata ta kopa tija n'kulumikiza mbali ziwiri, pulasitiki inasungunuka pakamwa ponse, mwayi thumba silinayake lili kumsana kwa munthu. Ndiye mphwanga ukamakhoma bokosi la madala lija upange kachipinda ka mabatire okha, kofewa mkati, ngakhale ndi siponji ya matilesi akale

Wokonza makina Dwangwa: Ndipo ukangomaliza ntchito yolemera batire ili yotentha usaiike pa chaja pompo, idikire izizire pa mthunzi. Machaja abwino amakana okha mpaka izizire koma si onse

Kalipentala Khombedza: Kutchajako ndiye nkhani ina, kunyumba ndili ndi sola ya panelo imodzi ndi ka inveta kakang'ono, itheka?

Mayi Magetsi KK: Tiwerenge. Batire ya 18V 5Ah ndi 18 kuchulukitsa 5, ndi 90Wh, ndiwo moto wonse womwe imasunga. Ya 2Ah ndi 36Wh basi. Si zambiri, sola ya pakhomo itha bola uzitchaja masana dzuwa lili pamutu osati usiku pomwe ana akufuna kuwerenga. Koma yang'ana inveta yako, ngati sinalembedwe pure sine wave samala, tima inveta totchipa tija magetsi ake sakhala osalala ndipo machaja ena amatentha kapena kufa nawo. Yang'ananso ma watts olembedwa pansi pa chaja, ma fast charger amakoka kwambiri kuposa wamba. Ukakayika kalipire pa malo otchajira pomwe pali magetsi, koma ukhale pomwepo kapena usiye kwa munthu womudziwa, batire imalowa m'thumba la thalauza

Pulambala Chipoka: Amayi apa mwakumbutsa, lembani dzina pa zida zanu anthuni. Ine ndimatenthetsa msomali n'kulemba pa pulasitiki malo awiri, pena poonekera pena pobisika pansi pa batire. Ndimajambulanso serial number pa foni

Welda wa pa Kamuzu Road: Komabe ine ndibwerere pa mfundo yanga, sindinagonje. Mwana uyu akuyamba kumene, chida choyamba chimakhala nawe nthawi yaitali. Akagula chotchipa lero chaka chamawa agulanso, ndalama yake ikhala yomweyo. Bwanji osapirira miyezi iwiri, alowe chipereganyu, atenge Makita kamodzi n'kamodzi? Ngati ndalama yavuta ilipo Maktec ija yomwe pano akulemba Makita MT, ndi ya kampani yomweyo koma yotsikirako mtengo

Pulambala Chipoka: Miyezi iwiri imeneyo ndi nthawi yomwe anthu akukhoma madenga mvula isanayambe achimwene. Akadikira mpaka December ntchito zapita kwa ena. Chida chimagula chinzake, atenge chomwe angakwanitse lero chimugwirire ntchito nyengo ino, Makita adzagula ndi ndalama yomwe chidacho chabweretsa. Ine ndinayamba choncho ndipo sindinong'oneza bondo

Welda wa pa Kamuzu Road: Nanga za banja la mabatire zomwe anena amayi zija? Akayamba ndi uku kusamuka ndi kutaya mabatire onse

Pulambala Chipoka: Sataya, amagulitsa kwa wina amene akuyamba, kapena kupatsa mnyamata wake. Pa Salima pano chida chogwira ntchito chimasowa wogula?

Wokonza makina Dwangwa: Nonse awiri mukunena zoona, kusiyana kwake ndi kuti chida chimagwira maola angati pa tsiku. Galayinda ya welda, pulena yomwe ikudya mlombwa ndi mbawa tsiku lonse, sowo yong'amba matabwa, zimenezo musaumire, gulani zapamwamba chifukwa zimatentha ndipo kutentha ndi komwe kumasiyanitsa waya wabwino ndi wamba. Koma dililo ya kalipentala imalira masekondi khumi n'kupuma, kuboola paini, kumanga sikuluwu pa malata, kuika ma hinje. Pamenepo Ingco kapena Total yeniyeni imakwana. Ukapeza yolembedwa brushless tenga imeneyo, ilibe mabulashi oti azitha, siitentha msanga ndipo batire imakhalitsa. Kungoti ikafa kabodi ka magetsi ka mkati sindingakulumikizire ndi waya ngati zakale zija, pamafunika kusintha chonse

Kalipentala Khombedza: Nanga pa khoma? Nthawi zina amandipatsa ntchito yoika mafelemu ndi ma pelmet a makatani

Wokonza makina Dwangwa: Tenga yokhala ndi chizindikiro cha hamala pa kolala yake, njerwa zootcha ndi pulasitala imaboola bwinobwino ndi biti ya khoma. Koma konkire ya lintala kapena pilala usaikakamize, imeneyo ndi ntchito ya SDS, mtundu uja wa biti yolowa mongokankha womwe Bosch anayambitsa mu 1975. Tsiku lomwe wapeza ntchito ya konkire kabwereke SDS, usaphe dililo yako

Madala a mabwato Senga Bay: Ndionjezere kamodzi poti galayinda yatchulidwa, ndipo ili ndikupempha ngati kholo. Anyamata ambiri akumanga sowo ya matabwa ya mano pa galayinda kuti azing'ambira matabwa, ena akuchotsa gadi kuti disiki yaikulu ilowe pa galayinda yaing'ono. Ndinaperekeza mnyamata ku chipatala usiku, dzanja titalikulunga mu malaya anga, sowo inagwira pa mfundo ya thabwa n'kudumphira pa iye. Zala ziwiri sizipindanso mpaka lero ndipo anali mmisiri wabwino kuposa ine pa msinkhu wake. Mwana wanga ukadzafuna kudula matabwa ndi magetsi udzagule sowo yake yokhala ndi gadi, pakali pano dula ndi pamanja

Welda wa pa Kamuzu Road: Zoona madala. Yaing'ono ya 115mm imazungulira cha m'ma 11,000 pa mphindi, disiki ya 230mm inapangidwira cha m'ma 6,500. Ukaiika pa yaing'ono imatha kusweka n'kuuluka zidutswa. Nambala imalembedwa pa disiki pomwepo, tiziwerenga. Ndi magalasi tizivala

Admin: Uthenga wa madalawu ndaupinira pamwamba kuti aliyense wolowa aziuona

Kalipentala Khombedza: Akuluakulu ndamva zonse ndipo ndalemba mu kope. Maganizo anga ndi awa mundikonze ngati ndalakwa. Loweruka ndiyamba ndafunsa mtengo wa Makita ya 18V ndi mabatire awiri m'mashopu awiri atatu opereka lisiti. Ikakwana ndi kutsala ya ma biti ndi thiransipoti nditenga. Ikapanda kukwana nditenga Ingco kapena Total ya hamala, brushless ngati ilipo, mabatire awiri, osati kubwerera chimanjamanja poti ndili ndi madenga awiri ondidikira ku Thavite mwezi uno. Bokosi ndikhoma ndekha

Mayi Magetsi KK: Mabatire awiri usasinthe maganizo pamenepo ngakhale akuuze kuti imodzi ikwana. Ndipo uwauze ayiyatse mu shopu momwemo, uyese magiya onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, umange biti uone ngati ikuzungulira mowongoka osagwedera. Chaja nayo ailowetse uone kuti yayaka. Lisiti ulijambule pa foni chifukwa inki ya timapepala tija imafufutika

Pulambala Chipoka: Ugulenso ka soketi ka maginito komangira masikuluwu a malata, ndi kotchipa koma pa denga kakupulumutsa. Katenge tiwiri, kamodzi kadzagwera mu udzu

Welda wa pa Kamuzu Road: Ukatsika basi pa Kamuzu Road pobwera udutse pa shedi ndiione. Timakona ta bokosi ndi chogwirira ndikupindira ine, zidutswa za malata zilipo zambiri pano

Wa ku Joni: Udzatiuze mitengo yomwe wapeza man, enafe tikufuna tifananize ndi kuno tisanatumize katundu

Kalipentala Khombedza: Ndidzalemba zonse pano Loweruka madzulo. Madala nanga muyeso wa bokosi lija?

Madala a mabwato Senga Bay: Usatengere muyeso wanga, yeza sowo yako ndi keriyala ya njinga yomwe umakwera kawirikawiri, ndipo usadule thabwa dililo isanafike, uiike pansi pamodzi ndi chaja ndi pulena uzungulize ndi pensulo kenako udule. Ukapeza mpata bwera ku Senga Bay Lachisanu tikatuluka ku mzikiti udzalione ndi maso, ndili ndi zidutswa za pulayiwudi zotsala pa bwato lomwe tamaliza sabata yatha, ubwere ndi lekeni yomangira